Makina Amene Sanagwirepo Munthu

Wokondedwa mchimwene wanga, mzime wa amayi,

Moni wochuluka kwa iwe, mlamu wanga ndi ana. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani nonse muli amoyo ndi athanzi. Kodi kamtsikana kaja chifuwa chija chinakasiya? Nanga iwe msana ukukuvutabe? Kuno tilipo, tikupuma. Sindinena kuti tili bwino, chifukwa onama m'banja muno alipo kale okwanira.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati kuti foni ndilibe. Pafoni umayankhula ndiwe, ine n'kumangoti eya, eya, kenako umati abwana akukuitana. Pepala sungalidule mawu. Ndapatsira mnzako uja woyendetsa malole, ndipo wanditsimikizira kuti akupatsa pamanja. Mu envelopumu muli kachidutswa ka pulasitiki. Sikanagweremo mwangozi ayi, kasunge mpaka umalize kuwerenga.

Nkhani yanga ndi imodzi. Malume akuti wawalamula kuti abambo akangopezako pang'ono awachotse kuchipatala chachikulu n'kuwabwezera kuchipatala cha maluwa chija. Ndikukupempha usatero. Ukatero tiwataya abambo. Ndikufuna umve chifukwa chake kuchokera kwa munthu amene analimo m'chipindamo, osati kwa malume amene anaonera zonse ali pakhonde.

Ndiyambira poyambira, pakuti iwe unangoona zithunzi.

Tsiku limene anadwala, abambo anali kushopu kwawo akuyeza misomali. Anauza wometa tsitsi woyandikana nawo uja kuti pachifuwa pakulemera ngati awasenzetsa thumba la simenti. Iwo ankati ndi chilungulira, mpaka anatuma munthu kukawagulira soda. Wometayo ataona thukuta likuchita kuyenderera, dzanja lamanzere likuwakanika, anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi n'kuwakweza m'galimoto. Sanafunse aliyense. Anangothamangira kumene kunali pafupi, kuchipatala chachikulu.

Ine ndinasiya diresi la eni ake pamakina, n'kuthamanga tepi yoyezera ili m'khosi. Mchimwene, fungo lake! Ukangolowa likuchingamira: mkodzo, mankhwala okolopera, thukuta ndi zakudya zosasa m'makontena. Anthu ali mbwee m'makonde, ena pamabenchi, ena pansi penipeni. Kuchimbudzi ndinalowako kamodzi, ndinatuluka cham'mbuyo nditagwira pakamwa.

Kumeneko kuli nesi wina wamkulu thupi, wa nsapato zakutha chidendene, amene ine ndinamutcha Sunthani, chifukwa mawu amene amawadziwa ndi amenewo basi. Alibe moni, alibe pepani. Amayi atamufunsa ngati pali pokhala, anawayankha akuyenda kuti kuno si kuchalitchi, asunthe. Shati loyera lija unawatumizira abambo analidula ndi sizasi kuyambira pansi mpaka m'khosi, osapempha n'komwe. Malume anafika atavala tayi yawo, ndipo ataona shatilo lili pansi anayamba kukalipa.

Tisanamalize kukalipa, abambo anali atawalowetsa kale. Anawalowetsa kachubu kakang'ono pamkono, pafupi ndi pomangira wotchi, mpaka kukafika kumtima, n'kutsegula mtsempha umene unatsekeka. Dokotala wake ndi mayi wowonda, wa maso otopa. Anatifotokozera zimenezi akuyenda, ife tikumuthamangira pambuyo ngati ogulitsa malonda, ndipo tisanafunse kanthu anali atalowa kale kwa wodwala wina. M'mawa mwake abambo anadzuka n'kufunsa ngati wina anatseka shopu.

Anawagoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Mabedi ndi oyandikana, onse odzaza, ndipo ambiri mwa ogonamo ndi a mtima omwewo. Makina akulira uku ndi uku osapuma. Bambo wina amene anagona pafupi ndi abambo anamwalira masanasana kuseri kwa katani, ndipo matiresi asanazizire n'komwe panali patagona kale munthu wina. Ndinati anthu awa moyo wa munthu amautenga ngati basi, wina kutsika wina kukwera.

Pakona pali makina amene amadzutsira mtima ndi magetsi ukasokonekera. Ndi okalikakalika, chingwe chake n'chomanga ndi tepi, manambala a pamabatani anafufutika ndi zala, ndipo tayala limodzi la kangolo kake limalira akamakankha. Malume anawajambula mobisa makinawo. Anajambulanso khonde, chimbudzi ndi shati lodulidwa lija, n'kukutumizira. Ukukumbukira mmene unaimbira, ukuchita kulira pafoni, kuti bambo ako sangagone m'khola iwe uli moyo. Sindikukuweruza. Nanenso tsiku limenelo ndinavomereza ndi mtima wonse.

Titapita kukamuuza dokotala kuti tikuwachotsa, kwa nthawi yoyamba anaima n'kutiyang'ana. Anati masiku oyamba mtima wotere sakuukhulupirira, umatha kungoyamba kuthamanga mwamisala osachenjeza. Anafunsa ngati kumene tikupitako amaona odwala mtima kawirikawiri. Anati kuno amabwera tsiku lililonse, ndiye manja a anamwino amadziwa okha chochita mutu usanaganize. Kumene amaona mmodzi pakapita miyezi, akuti odwala otere amafa ochulukirapo, osati chifukwa chakuti ogwira ntchito ndi oipa mtima, koma manja amaiwala.

Malume anakonza tayi n'kumuyankha kuti kumsika nakonso kumachuluka anthu, koma palibe amene amakagonekako bambo ake. Tikutuluka anatinong'oneza kuti mayiyu akungoopa kutaya kasitomala. Dokotalayo sanatiletse. Anangoti ndi bambo anu, n'kupita. Sunthani ndiye anatikankhira bedi mpaka pa ambulansi, ndipo potseka chitseko ananena mosayang'ana aliyense kuti tisapite kutali, tibweranso. Mumtima ndinamutukwana kuti ndi mfiti yolodza odwala.

Tsono chipatala cha maluwa. Unachiona pafoni, koma fungo sunalimve: kumanunkhira ngati sopo wa alendo. Pageti mlonda anatichitira sawasha. Polandirira alendo pali nsomba zosambira m'galasi ndi wailesi ya kanema yaikulu ngati chitseko. Anatipatsa tiyi m'makapu okhala ndi timbale take. Mkulu wa chipatalacho, bambo wa suti ndi mafuta onunkhira, anatipatsa moni mmodzimmodzi, ndipo malume ankawatchula kuti bwana. Malume anatupa ngati finye.

Mkuluyo anatitengera kuchipinda chawo cha odwala mwakayakaya. Munali zii. Mabedi onse opanda munthu, oyalidwa ngati akudikira akwati. Anati abambo akhala okha, anamwino onse adzakhala awo, ndipo palibe amene adzawasokoneze tulo. Ine ndinafunsa kuti wodwala mtima womaliza anagona liti m'menemo. Anamwetulira n'kunena kuti papita nthawi ndithu, kuno zoopsa zotere sizichitikachitika. Ife tinayang'anana n'kuti Mulungu ndi wabwino.

Kenako anationetsa makina awo odzutsira mtima. Anali pakona, owala, ali m'pulasitiki yawo ya kufakitale, tepi yake yosamatula n'komwe. Mkuluyo anawasisita pamwamba n'kunena monyadira kuti ndi atsopano, sanagwirepo munthu ngakhale mmodzi.

Mchimwene, ukuwadziwa amayi ako. Anapita n'kukaika chikhatho papulasitikipo, n'kupuma mozama ngati afika kwawo. Malume anawomba m'manja. Ine ndinakumbukira makina a tepi aja n'kuseka chamumtima.

Nanga tikanatani, ife anthu a pulasitiki? Sofa ya pabalaza ija yakhala m'pulasitiki chigulireni, ife tidakali ana. Tinakula tikukhala pansi, sofa ikudikira alendo, alendo akabwera n'kumatsetserekapo ndi thukuta. Suja unakwapulidwa chifukwa choiboola ndi pensulo? Rimoti ili m'pulasitiki. Mipando ya galimoto ya abambo ili m'pulasitiki. Mbale za m'kabati palibe amene anadyerapo. M'nyumba mwathu chinthu chabwino ndi chimene sichinagwirepo ntchito, ndiye mkulu wa suti uja anangotiyankhula chilankhulo chathu.

Masiku oyamba anali okoma, sindikana. Abambo anagona tulo, anametedwa ndevu, anaonera mpira. Unaimba foni ya kanema n'kuwaona atatsamira mapilo, ndipo anakuuza kuti mwana wobereka ndi iweyo. Panali kanesi kena katsikana, kaulemu, kamene kankawatchula kuti adadi n'kumawasenderezera kapu kukamwa. Amayi anafika pofunsa ngati kali pabanja, akuganizira mwana wa malume uja wakanika kukwatira.

Zinachitika masana, nthawi yoona odwala, dzuwa likuwala pazenera. Abambo ankatifotokozera za kasitomala wina amene anabweza penti atapaka kale khoma lonse. Ali pakati pa nkhani anangoti zii. Maso anatembenuka, mutu n'kugwera kumbali, makina a pamwamba pa bedi n'kuyamba kukuwa.

Kanesi kaja kanathamangira kuchitseko, n'kubwerera, n'kuthamangiranso kuchitseko. Kenako kanakwera pabedi n'kuyamba kuwapsinja pachifuwa, kakuitana mnzake. Mnzakeyo anabwera ndi foni m'manja, akuimbira dokotala. Dokotala anali kukiliniki yake ina kutsidya kwa tauni. Anati akubwera, koma pakali pano agwiritse ntchito makina aja.

Anasinthana. Wina anapitiriza kupsinja, kanesi kaja n'kupita pakona. Pulasitiki ya kufakitale ndi yolimba, mchimwene, si ya buledi. Kanaikoka ndi zala, osang'ambika. Kanakuwa kuti sizasi ili kuti, mnzake anati mwina ili m'dirowa, m'dirowa munali zolembera zokhazokha. Ndiye kanagwada n'kuyamba kuiluma ndi mano. Ndinathamanga kukathandiza, tonse awiri tikukoka ngati agalu olimbirana chikopa, abambo kumbuyo kwathu nkhope ikusanduka phulusa.

Pulasitiki itang'ambika, zingwe zake zinali m'kathumba kena komatanso. Titamatula, makina osayaka, batire lake linali lisanatchajidwepo chibwerereni. Soketi inali kuseri kwa kabati. Tinakankha kabati, maluwa ndi botolo lake n'kugwa pansi. Atayaka, kanesiko kanatola kabuku ka malangizo n'kuyamba kuwerenga. Kuwerenga, mchimwene! Chala chikutsata mizere, milomo ikuyenda ngati mwana wa sukulu pamayeso. Amayi anali atagwada kumiyendo kwa bedi akutchula mayina onse a Mulungu. Malume anali pakhonde, akuti anapita kukaitana thandizo.

Amene anawapulumutsa si wa pachipatalapo kwenikweni. Ndi dokotala wogonetsa anthu tulo pa opaleshoni, amene anabwera tsikulo kudzathandiza mayi wina wobereka. Ankadutsa akupita kwawo, chikwama chili paphewa, n'kumva phokoso. Analowa, anamukankhira pambali mtsikanayo, kabuku n'kugwa pansi. Sanawerenge kalikonse. Anamata zinthuzo pachifuwa, n'kukuwa kuti tonse tichoke pabedi, n'kudina. Thupi la abambo linadumpha. Anapsinja pachifuwa, n'kudinanso. Apo ndiye mtima unabwerera. Pambuyo pake ndinamva kuti masiku ambiri amagwira ntchito kuchipatala chachikulu chonunkha chija.

Iyeyo ndi amene analamula kuti aitane ambulansi tibwerere kumene tinachoka. Anafunsa kuti ndani anamubweretsa kuno munthu wa mtima wotere.

Tsopano imva chimene chimandiletsa kudya mpaka lero. Tikudikira ambulansi, mkulu wa suti uja anatulukira. Sanafunse za abambo. Anapempha mwaulemu kwambiri kuti potuluka tidzere khomo la kuseri, kumene amatulutsira zinyalala, kuti tisaopseze makasitomala ena. Kenako anawerama, n'kutola pulasitiki ija pansi, n'kuikutumula bwinobwino. Anauza mayi wokolopa kuti asaitaye, aipukute, akaimata ndi tepi ibwerera pamakinapo kuti asachite fumbi.

Ndinafuna kumulavulira pasuti. Malovu anadzadza m'kamwa, koma ndinakumbukira kuti amayi ali pomwepo. Ndinangomulanda pulasitikiyo n'kung'ambako kachidutswa, n'kumuponyera yotsalayo. Akulu ananena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma nyerere za kumeneko zimavala suti.

Kanesi kaja sindikukada ayi. Ndinakapeza kuseri, pafupi ndi mabini, kakusanza. M'kamwa munali magazi, pulasitiki inakacheka chingamu. Kanandigwira dzanja n'kunena kuti kakupepesa, chitulukireni kusukulu sikanaonepo mtima wa munthu ukuima, zonse kanaphunzirira pachidole. Ndinakapukuta kukamwa ndi mpango wanga. Ndi mwana wa eni ake amene anamuika m'chipinda chokongola n'kumusiya kuti aziyala mabedi opanda anthu.

Titafika kuchipatala chachikulu ndinkayembekezera kuti Sunthani atinyogodola. Ndinali nditakonzeka kumeza chilichonse. Sanatero. Anangotiyang'ana kamodzi n'kunena kuti sunthani, ndipo abambo asanafike n'komwe pakhomo la chipinda, anthu anali atawazungulira kale, wina dripi, wina zingwe, wina jakisoni, osafunsana.

Usaganize kuti tsopano ndikuchikonda chipatalachi. Chimbudzi chidakanunkhabe, mwinanso kuposa kale. Tsiku limene tinabwerera kunalibe bedi, ndiye anatulutsa gogo wina kupita naye kuwodi wamba kuti abambo alowe, ndipo mwana wake anandiyang'ana ndi diso limene sindidzaliiwala. Anamwino ndi ochepa, amatopa, amakalipa, nthawi zina abambo amaitana madzi mpaka kummero kuuma. Anthu akachuluka kupitirira manja, napo pamawonongeka zinthu, ndipo dokotala wowonda uja anavomera yekha. Zonsezi zimandinyansa tsiku lililonse.

Koma ndakhala ndikuonerera. Makina a pabedi la wina akangokuwa, umamva katayala kaja kakulira, ndipo usanatembenuke kangolo kafika kale. Palibe amafunsa sizasi. Palibe amatsegula buku. Sunthani amadina mabatani ofufutika aja osawayang'ana, maso ali pa wodwala. Ena amabwerera, ena sabwerera, koma palibe amene amafa akudikira kuti anthu amalize kuwerenga. Tsopano ndikamva katayala kaja mtima wanga umakhala m'malo.

Abambo ali moyo, koma si aja unawaona pafoni. Nthiti zinathyoka powapsinja, ndiye akatsokomola amachita kulira. Amayankhula pang'onopang'ono, mawu ena amawasowa. Dzulo anandiyang'ana nthawi yaitali asanakumbukire kuti ndine mwana wawo woyamba. Dokotala akuti ubongo unakhala nthawi wopanda magazi okwanira, mwina zibwerera, mwina ayi. Akutinso mtima wafooka kuposa poyamba, ndipo m'masabata akubwerawa ukhoza kuchitanso misala ija. Akufuna awayang'anire pafupi mpaka aone chochita.

Vuto lalikulu ndi ili: tsiku lija abambo sakulikumbukira. Lafufutika lonse. Akukumbukira maluwa, mapilo, tiyi wa m'kapu ndi kanesi kowatchula adadi. Ndiye tsiku lililonse amandifunsa kuti tawabwezeranji m'phokoso muno, pamene mwana wawo anawakonzera malo abwino. Ndikawafotokozera amandiyang'ana ngati ndikuwanamiza. Anafika pondiuza kuti ndili ndi nsanje chifukwa chakuti mchimwene wanga wachita zimene ine sindingathe. Ndinatuluka n'kukalirira pakhonde, pakati pa anthu osawadziwa.

Ndikudziwa zimene malume anakuuza, chifukwa anaimba ndili pomwepo. Anati abambo anangokomoka pang'ono, a chipatala cha maluwa anawatsitsimutsa msangamsanga ndi makina awo amakono, ndipo kuno tangobwera kudzaunikitsa. Ananena zimenezo akukonza tayi, osaphethira n'komwe. Nditawafunsa pambuyo pake, anati munthu amene ali kutali sauzidwa zonse, angadwale maganizo. Zoona zake n'zakuti akuchita manyazi, popeza zithunzi anajambula ndi iwo. Komanso kuno palibe amawatchula bwana. Dzana Sunthani anawauza kuti asunthe pamaso pa anthu, ndipo sanagone nazo.

Ndawauza malume maso ndi maso kuti abambo sachoka. Anaseka n'kunena kuti telala azisoka, nkhani za chipatala azisiyire amuna amene akuyendetsa zinthu. Amayi sangatsutse mlongo wawo, sangatsutsenso iwe. Abambo nawo ukudziwa, mawu ako kwa iwo ndi lamulo. Akuti ngakhale dokotala akane, iwo adzadzuka okha n'kuvala nsapato, chifukwa sangachititse manyazi mwana amene akuwavutikira kudziko la eni. Dokotala wandiuza kuti wodwala ndi abale ake akaumirira, iye sangawamange pabedi.

Mchimwene, ndikudziwa chimene chikukudya. Uli kutali, sungawagwire dzanja, sungawatembenuze, sungawatengere mtsuko wokodzeramo. Chimene manja ako angafikire ndi chipinda chabwino, ndiye ukufuna chikhale chabwino koposa. Ndi chikondi chimenecho, sindikuchinyoza. Koma chikondi chimenechi chinangotsala pang'ono kutiveka zakuda, ndipo kachiwiri dokotala wachikwama uja sadzakhala akudutsa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ukangomaliza kuwerenga, imba foni. Usaimbire malume. Imbira ine nthawi yoona odwala, ndidzaika foni pakhutu la abambo, uwauze ndi pakamwa pako kuti akhale pomwe alipo, ndipo kuti wafuna ndiwe. Uwauze kuti sakukuchititsa manyazi. Ukatero ndiye uimbire malume, uwauze kuti ntchito yawo yatha, akapume. Ngati mtima ukukuwawabe kuti uchite kanthu, tumiza bulangete lofunda, chifukwa la kuno ndi lopyapyala. Kuposa zonse, pempha tchuthi ubwere, udzanunkhidwe nafe limodzi.

Usaganize kuti amayi alibe mbali chifukwa chakuti sakuyankhula. Dzulo titabwera kuchokera kuchipatala, analowa m'nyumba osavula nsapato, n'kupita kukhitchini. Anatuluka ndi mpeni. Ndinachita mantha, ndinawafunsa kuti mayi, mukutani? Anapita pasofa ija, n'kubaya pulasitiki pakona, n'kuicheka kuyambira uku mpaka uko. Anaikoka yonse, anaipindapinda, n'kukaiponya panja. Kenako anagona pasofapo ndi zovala zawo za kuchipatala, fumbi ndi thukuta, n'kufunda nsalu. Anagona mpaka dzuwa kulowa. Chigulireni aka kanali koyamba kuti munthu wa m'nyumba muno aikhudze.

Tsopano tenga kachidutswa kaja ukayang'ane powala. Timabowo ukutionato ndi mano a kanesi kaja, ndipo kadontho kofiirira ka m'mphepeteko ndi magazi a m'kamwa mwake. Nthawi yonse imene ankaluma pamenepo, magazi anali asakuyenda m'thupi la bambo ako. Yotsala ya pulasitikiyo anaimata, ndipo ndikukhulupirira kuti pano ili pamakina paja, ikudikira wodwala wina. Ukamaimba foni, kachidutswako kakhale m'dzanja lako.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti kalata ino awerenge nayenso, mwina iye angakugwire dzanja pamene ine sindingafike. Ana uwapsompsone, uwauze kuti azakhali awo madiresi aja sanaiwale, asoka agogo akatuluka. Amayi akupereka moni. Wometa tsitsi uja nayenso akuti ndikupatse moni, ndipo kasitomala wake anabwera kudzamalizitsa mbali inayo.

Mulungu akusunge, akupatse mtima womva, ndipo atisungire abambo mpaka udzawaone ndi maso ako. Foni yanga ndikuyenda nayo m'manja.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene anakubereka kumsana.